Tebulo loyamba pa chionetsero cha anime: ndiyalepo chiyani, ndisiye chiyani?

Funso ili lachokera kwa mtsikana wina wojambula, amene akukagulitsa pa chionetsero cha anime, kutanthauza makatuni a ku Japan:

"Ndapeza tebulo pa chionetsero cha anime cha masiku awiri, ndipo kwatsala miyezi itatu. Aka n'koyamba kugulitsa pamalo otere. Ndimajambula pa tabuleti, ndipo ndili ndi zithunzi pafupifupi 30. Zina ndi za anthu a m'makatuni a anime amene ndimakonda, zina n'zochokera m'mutu mwanga. Ndimalukanso tizidole ndi kutunga ndolo zamikanda. Mpamba wanga ndi wochepa. Anzanga akuti ndiode mapini achitsulo chifukwa ndi amene akuyenda malonda. Ndigulitse ziti, ndipo ndipange zochuluka bwanji?"

Achemwali, mapini achitsulowo muyambe mwawasiya kaye. Chifukwa chake ndinena kutsogoloku, koma ndafuna mumve zimenezi musanatumize ndalama kwa aliyense.

Mwatchula zithunzi, zidole, ndolo ndi mapini, koma simunatchule kukula kwa tebulo lenilenilo, pomwe ndi limene lidzakusankhireni katundu. Pa zionetsero zambiri za ku America, kumalo a ojambula kumene amakutcha Artist Alley, tebulo limakhala la mamita pafupifupi 1.8 m'litali, ndipo nthawi zina anthu awiri amagawana limodzi. Ku Comiket, chionetsero cha ku Tokyo chimene chinayamba mu Disembala 1975 ndi magulu 32 okha a ogulitsa n'kukula mpaka kumadzaza maholo a Tokyo Big Sight kawiri pachaka, malo a gulu limodzi ndi theka la tebulo: masentimita 90 m'litali, 45 m'lifupi. Mukandandalika mapepala anayi a A4, m'litali monsemo mwatha. Funsani muyeso wa tebulo lanu, muulembe pansi m'chipinda mwanu ndi tepi yomata, ndipo chilichonse chimene mukuganiza kugulitsa muzichiyesa pamenepo. Ambirife poyamba timaganiza ngati tikutsegula shopu, pomwe malo ake sakwana ngakhale chitseko chogonekedwa pansi.

Pamodzi ndi muyesowo, werengani malamulo a eni chionetsero kuyambira pamwamba mpaka pansi, ngakhale akhale otopetsa bwanji. Safunsa anadya phula. Zionetsero zina zimaika malire pa kuchuluka kwa fan art, kutanthauza zithunzi zimene mwajambula nokha koma za anthu a m'nkhani za eni ake. Zina zimaletsa masitika chifukwa eni holo anatopa ndi kuwamatula m'makoma. Zambiri zimaletsa kugulitsa zinthu zongopikula zimene simunazipange kapena kuzijambula nokha, ndipo kuyambira cha m'ma 2022 zingapo zawonjezera lamulo loletsa zithunzi zopangidwa ndi AI, mapulogalamu a kompyuta aja ojambula okha. Pali zina zokana timaphukusi totseka timene wogula sadziwa chili m'kati, poti zimafanana ndi juga. Palinso malire a kutalika kwa chimango chopachikapo zithunzi, ndi nkhani ya msonkho: ku Anime Expo ku Los Angeles, mwachitsanzo, wogulitsa amafunika chiphaso chogulitsira cha boma la California. Lamulo limodzi lokha lingathe kuchotsa theka la zimene munakonza, ndiye kuli bwino mulidziwe lero kusiyana ndi kulimva m'mawa wa tsiku loyamba katundu ali kale m'sutikesi.

Tsopano taganizani mmene munthu amadutsira pa tebulo lanu. Sikuti wanyamuka kubwera kwa inu ayi. Akuyenda mumpata wothinana, chikwama kumsana, mwina wavala wigi ndi zovala zomutentha za cosplay, zija zodzifanizira ndi munthu wa m'katuni, ndipo wadutsa kale matebulo makumi angapo. Maso ake amangogunda tebulo lililonse n'kupitirira. Chimene chimamuimitsa n'chimodzi mwa ziwiri: waona nkhope imene akuidziwa, kapena waona mitundu ndi kajambulidwe kamene sanakaone pa matebulo enawo. Ndimakumbukira mtsikana wina amene anadutsa tebulo langa n'kubwerera chafutambuyo masitepe atatu. Anali ndi ita-bag, zikwama zija zokhala ndi windo lapulasitiki loonetsera mabaji a munthu wa m'katuni amene mwini chikwamayo amamukonda. Ine sanandiyang'ane n'komwe. Anatola kabaji kamodzi, n'kukayerekeza pa windo la chikwama chake pamene panatsala mpata, kenako n'kukatembenuza kufuna mtengo. Ataupeza m'pamene anadzutsa mutu n'kundipatsa moni. Chikhala kuti mtengo sunalembedwe, akanakabweza n'kumapita. Ambiri obwera ku zionetsero zimenezi ndi amanyazi, safuna kufunsa mtengo kuopa kuti ukakhala wokwera asowa pothawira. Malonda ndi m'maso, ndipo mtengo nawo uzionekera m'maso momwemo.

N'chifukwa chake zithunzi zanu 30 zisapite zonse. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Tebulo lokhala ndi chilichonse limaoneka ngati la anthu asanu osamvana, ndipo diso la wodutsa silipeza poyambira. Zisindikizeni pa mapepala wamba, muzimate pakhoma, muime patali mamita atatu. Zina zimene munazivutikira milungu iwiri zidzangooneka ngati chimtambo chakuda, pomwe kanthu kamene munakajambula madzulo amodzi kadzaonekera mbee. N'zopweteka, koma m'holo zidzakhala choncho. Sankhani 8 mpaka 12 zooneka kuti zinatuluka m'dzanja limodzi, zogwirizana mitundu kapena mzimu wake. Itanani munthu amene sangakunyengerereni, osati mayi anu, aloze zitatu zoyamba kumukoka maso. Ma like a pa Instagram nawo musawakhulupirire kwambiri. Munthu angakonde pa foni chithunzi cha wina akulira, magazi ali chuchuchu, koma sangachipachike kuchipinda kwake. Chithunzi chogulitsa n'chimene wina angafune kumachiona tsiku lililonse akadzuka.

Mukasankha zithunzizo, funso lotsatira n'lakuti zikhale pa chiyani: pa pepala, pa sitika, pa pulasitiki kapena pa chitsulo. Ine katundu aliyense ndimamufunsa mafunso awiri. Ukapanda kugulidwa, unditayitsa chiyani? Ukatha msanga, ndingakupezenso mofulumira bwanji? Pa tebulo loyamba simukudziwa chimene anthu adzafune kwa inu. Palibe akudziwa, ngakhale anzanu aja, chifukwa chimene chikuyenda pa tebulo la wina chikuyenda ndi kajambulidwe ka mwini wakeyo. Ndiye ndalama zanu zipite ku zinthu zimene mukalakwitsa simulira.

Zoyamba mwa zimenezi ndi zamapepala. Chithunzi chimodzi mungasindikize makope asanu okha, akatha Loweruka n'kukasindikizanso madzulo omwewo, kapena kulemba dzina la wofunayo n'kudzamutumizira. Mapepala ndi opepuka, satenga malo m'sutikesi, ndipo kusiyana kwa ndalama yopangira ndi yogulitsira n'kwakukulu kuposa katundu wina aliyense amene mwatchula. Saizi ya A3, kapena mainchesi 11 ndi 17 kumene amayeza choncho, ndi yopachika pamwamba kuti iziitana anthu. Koma zimene zimachoka kwambiri pa tebulo langa ndi za A5 ndi A6, zija zonga positikhadi, chifukwa zimalowa m'chikwama osapindika. Munthu amene azungulire m'holo mpaka madzulo amaganiza kawiri asanagule chipepala chachikulu choti azichinyamula ngati khanda. Mukakhala ndi zazikuluzo, khalaninso ndi timatumba tapulasitiki toikamo ndi kakatoni kolimba kumbuyo kwake.

Masitika a vinyl odulidwa motsatira chithunzi, ndi mabaji ozungulira aja a mamilimita 32, 44 kapena 58, ndi amene mwana wasukulu wotsala ndi tindalama tochepa angakwanitse, ndipo anthu satola imodzi, amatola atatu kapena anayi. Koma kuchuluka kwa otola kusakunamizeni. Phindu la sitika imodzi ndi laling'ono, moti tebulo la masitika okhaokha limadzaza anthu tsiku lonse, inu mawu mpaka kusasa, madzulo powerengera n'kupeza kuti ndalama ya tebulo sinabwerere. Ntchito ya sitika ndi kuimitsa munthu n'kumutsegulitsa chikwama. Akatsegula, chimene chimalipira tebulo ndi chithunzi chija kapena kokolekera makiyi kamene waona ali chiimire.

Tokolekera makiyi ta acrylic tili pakatikati. Chithunzi chimasindikizidwa pa pulasitiki yolimba yoonekera, kawirikawiri yochindikala mamilimita atatu, n'kudulidwa ndi laser motsatira m'mphepete mwake. Popeza sipafunika chikombole, opanga ambiri amalola kuoda tochepa pa chithunzi chilichonse, ndipo mitundu yanu yonse imatuluka mmene munajambulira. Chenjezo langa n'lakuti chithunzi chachikulu chokhala ndi mitambo ndi nyumba kumbuyo musachipanikize pa kanthu ka masentimita asanu. Timeneti timafuna kajambulidwe ka chibi, mutu waukulu thupi laling'ono, mizere yochindikala. Lupanga lowonda kapena katsitsi kotulukira pambali ndi pamene pamathyoka kakakhala m'thumba limodzi ndi makiyi. Ndipo tikafika musachite mantha potiona tili mbuu ngati tokalika. Timabwera ndi kapepala kapulasitiki koteteza kamene mumasenda ndi chikhadabo. Sendani kachitsanzo kokha ka pa tebulo, tinato musiye, muzimuuza wogula kuti akasende yekha.

Tibwere ku mapini aja. Anzanu sakunama, mapini a enamel, aja achitsulo othiridwa utoto wolimba, ndi okongola ndipo ali ndi anthu awo owasonkhanitsa. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chithunzi chilichonse chimafuna chikombole chake chachitsulo, ndipo ndalama ya chikombolecho mumalipira kaya mwaoda ochepa kaya ochuluka. N'chifukwa chake mafakitale ambiri amayambira pa 50 kapena 100 pa chithunzi chimodzi. Mtundu uliwonse umafunika kutchingidwa ndi kamzere kachitsulo, ndiye mithunzi yofewa ndi mitundu yolowererana imene mumapanga pa tabuleti sizituluka. Chithunzicho mudzachijambulanso mwatsopano. Pa oda iliyonse ena amabwera ndi tizilema, kathovu mu utoto kapena kukalika, oti mudzagulitse motsitsa. Ndiye ndalama imene ikanakupatsani zithunzi khumi zosiyanasiyana pa mapepala ndi masitika imathera pa chithunzi chimodzi chimene simunachiyesepo pamaso pa ogula.

Ine ndinaphunzira ndi misozi. Chaka china katuni ina itangotuluka n'kutchuka, ndinathamangira kuoda mapini 100 a munthu wake wamkulu. Fakitale imene ndinaodako inachedwa, katundu anafika chionetsero chitatha kale. Pofika chotsatira, anthu anali atasamukira ku katuni ina. Anime ya pa TV ku Japan imatuluka m'nyengo zinayi pachaka, kuyambira Januwale, Epulo, Julayi ndi Okutobala, ndipo makatuni ambiri amakhala ndi zigawo 12 kapena 13 zokha. Miyezi itatu imene mwatsala nayoyi ndi moyo wonse wa katuni yotere. Mapini aja ndinagulitsapo ochepa. Otsalawo ali m'kabokosi pansi pa bedi, ndipo chitsulo n'cholemera, posamuka ndimawamva.

Apa tafika pa nkhani ya fan art, ndipo tinene mosabisa. Munthu wa m'katuni ali ndi mwini wake. Kugulitsa chithunzi chake popanda chilolezo, ngakhale mwajambula ndi dzanja lanu, malamulo a umwini wa luso m'mayiko ambiri sakuikirani kumbuyo. Chimene chimachitika n'chakuti eni ake ambiri amangoyang'ana kumbali. Ku Japan mabuku a doujinshi, amene okonda nkhani amadzilembera n'kudzisindikizira okha, akhala akugulitsidwa ku Comiket kwa zaka zambirimbiri mwa kulekerera kotereku, ndipo ena mwa akatswiri a manga (mabuku a nkhani zazithunzi a ku Japan), monga gulu la CLAMP, anayambira pa doujinshi. Koma kulekerera si chilolezo, mwini angasinthe maganizo tsiku lililonse. Eni ena amalemba poyera zimene amalola, monga amachitira ZUN, mwini masewero a Touhou Project, ndipo makampani angapo a masewero a pa foni ndi pa kompyuta ali ndi malamulo otere pa intaneti. Ena salola n'komwe. Pa katuni kapena sewero lililonse limene mukufuna kujambula, fufuzani ngati mwini wake ananenapo kanthu. Kupatula apo, pali zinthu zimene ojambula odziwa ntchito sachita: kuika chizindikiro kapena dzina la katuni mmene kampani imalilembera, kulondola mizere pa chithunzi cha eni ake, ndi kupanga katundu amene wogula angamusokoneze ndi wa kampani. Mapini, zidole ndi zovala zili pafupi kwambiri ndi zimene makampaniwo amagulitsa okha, ndiye n'zimene zimawadzutsa msanga kuposa chithunzi cha pa pepala.

Kumbali ya malonda, fan art ndi imene imaimitsa anthu, poti akubwera kudzafuna nkhope zimene akuzidziwa kale. Koma zochokera m'mutu mwanu ndi zimene zili zanu: mungazigulitse kulikonse, pa intaneti kapena pa chionetsero cha mtundu wina, chaka chino ndi zaka zisanu zikubwerazo, osaopa kalata ya loya. Ngati malamulo a chionetsero akulola, ndingati pa zithunzi khumi, zisanu ndi chimodzi zikhale fan art, zinayi zanu. Ndipo mwa zanuzo, musayambe ndi chithunzi cha munthu amene mbiri yake yonse ili m'mutu mwanu mokha. Inu mukudziwa kuti ndi mwana wamfumu wothamangitsidwa kwawo, koma wodutsa akungoona mtsikana wa tsitsi lobiriwira amene sakumudziwa. Zimene zimayenda n'zimene munthu amazimva popanda kufotokozeredwa: mphaka wogona pa buku, chule wokwiya, mtsikana ali yekha pansi pa ambulera usiku, kapena mawu oseketsa onena za kutopa.

Nanga mujambule makatuni ati? Yotchuka kwambiri panopa idzakhala pa matebulo makumi angapo, ena a anthu amene akhala pa ntchitoyi zaka khumi, ndipo wogula adzazungulira holo yonse kuyerekeza asanatulutse ndalama. Ijambuleni ngati mumaikondadi ndipo muli ndi njira yanu yoionera. Ine ndapindula kwambiri ndi mitundu ina iwiri: makatuni akale amene anthu anakula nawo, amene okonda ake tsopano ali pa ntchito ndipo ali ndi ndalama m'thumba, ndi makatuni ang'onoang'ono amene palibe wina wawajambula. Munthu amene wazungulira holo yonse osapeza chake, akachipeza kwa inu sanenerera mtengo, amakuwa n'kuitana anzake. Chimodzimodzi anthu a m'mbali mwa nkhani, amene kampani siwapangira katundu. Koma musajambule katuni imene simunaonere. Okonda ake amaona msanga kuti chipsera mwachiika tsaya lolakwika, ndipo adzafuna kucheza nanu za chigawo chomaliza inu n'kungoti kukamwa yasa. Chinanso, ngati anthu awiri amayendera limodzi m'nkhani, jambulani onse. Mawu amene ndawamva kwambiri pa tebulo ndi akuti, "Nanga mnzake ali kuti?" ndipo wofunsayo nthawi zambiri amasiya ndi mmodzi yemweyo.

Zidole zanu zoluka, zimene ku Japan amazitcha amigurumi, vuto lake si ndalama koma nthawi. Tinene kuti chimodzi chimakutengerani maola anayi. Zidole 20 ndi maola 80, milungu iwiri ya ntchito ya tsiku lonse, zala zikuwawa. Chithunzi mumachijambula kamodzi n'kuchigulitsa kambirimbiri, koma chidole chikagulidwa maola anayi aja apita nacho, muyambirenso. Ndiye mukaika mtengo wolingana ndi thukuta lanu, wogula amauyerekeza ndi wa zidole za m'fakitale zimene waziona kumbali ina ya holo yomweyo, n'kuchibweza mwaulemu. Mukatsitsa kuti zifanane, mwadzilemba ntchito yaulere. Komabe sindikuti muzisiye kunyumba, chifukwa pakati pa matebulo a mapepala okhaokha, chinthu chofewa chogwirika ndi manja chimaimitsa anthu modabwitsa. Tengani zazikulu ziwiri kapena zitatu, muziike pamwamba ndi mtengo wake weniweni osachita manyazi, pambali pake kakhadi konena kuti mumalandira maoda. Kenako lukani ting'onoting'ono 10 kapena 15 timene kamodzi sikakutengerani ola lathunthu, toti n'kukoleka pa chikwama. Dziwani kuti aliyense adzazifinya, ndiye ulusi woyera udzakhala utada pofika Lamlungu. Chachitsanzo chikhale poyera, zinazo m'timatumba. Ngati mumaika maso apulasitiki, uzani makolo kuti si za ana osakwana zaka zitatu.

Ndolo sizitenga malo, zimapachikika pa kabolodi koimirira. Koma ndolo zamikanda wamba zimene munthu angazipeze kwina kulikonse zidzangosokoneza tebulo lanu. Zitengeni ngati mungazimangirire ku zithunzi zanu, mwachitsanzo kutunga mitundu itatu imene wokonda katuni inayake akangoiona adziwe kuti ndi ya uje, popanda nkhope kapena dzina. Pamenepo mwapeza chinthu chimene munthu angavale ngakhale kuntchito, ndipo nkhani ya umwini ija yachepa. Lembani kuti tingowe take n'tachitsulo chanji, chifukwa nickel amatulutsa ziwengo kwa anthu ambiri ndipo adzakufunsani. Khalani ndi zingapo zopanira kwa amene sanaboole makutu, ndi kagalasi koti aziyerekeza osavala. Ngati nthawi yakuchepera, pakati pa zidole ndi ndolo musiye ndolo.

Za kuchuluka kwa katundu, yambani ndi masamu osasangalatsa. Phatikizani ndalama ya tebulo, ulendo, malo ogona ngati n'kutali, zoyalira ndi zopachikira, ndi ndalama yopangira katundu yense. Kenako onani kuti mufunika ogula angati kuti ndalama imeneyo ibwerere. Masiku awiri a maola asanu ndi atatu ndi maola 16. Masamu anu akati mufunika ogula 160, ndiye kuti ogula khumi pa ola, mmodzi pa mphindi zisanu ndi imodzi zilizonse, osapuma, kuyambira potsegula mpaka potseka. Kwa munthu woyamba zimenezo n'zovuta, ndipo zikutanthauza kuti katundu wanu wachuluka tinthu ta phindu lochepa kapena mwawononga zambiri popanga. Funsaninso kuti chaka chatha kunabwera anthu angati ndipo matebulo anali angati. Chionetsero chaching'ono cha matebulo ochepa nthawi zina chimaposa chachikulu chimene ojambula ali mazanamazana.

Ndikanakhala inu ndikananyamula motere. Zithunzi zazikulu zinayi kapena zisanu, makope atatu mpaka asanu chilichonse. Zazing'ono zonse khumi zija, makope asanu ndi atatu kapena khumi. Masitika a mitundu isanu ndi umodzi, 15 kapena 20 mtundu uliwonse, ngati akuloledwa. Tokolekera makiyi ta zithunzi zinayi kapena zisanu, tosapitirira khumi pa chithunzi. Kuwonjezera apo zidole zija. Mukaona kuti n'zochepa, kumbukirani kuti chinthu chikatha mwataya malonda a anthu awiri atatu amene mungawatumizire pambuyo pake, pomwe chikatsala mwataya mpamba. Mitengo ikhale yosavuta chenje, pakhale chotchipa, chapakati ndi chodula, ndipo pa masitika ndi tizithunzi ting'onoting'ono ikani mtengo wotsikirapo kwa wotenga zitatu. Konzaninso njira yolandirira ndalama pa khadi kapena pa foni, ndipo muiyese musananyamuke.

Miyezi itatu ikuoneka yambiri koma si yambiri. Chilichonse choodetsa kunja chipite mwezi woyamba uno. Mafakitale ambiri a acrylic ndi mapini ali ku China, ndipo amatseka pa chikondwerero cha chaka chatsopano cha kumeneko, chimene chimagwa pakati pa 21 Januwale ndi 20 Febuluwale, komanso sabata yoyamba ya Okutobala. Oda yanu ikagwa m'masiku amenewo, wonjezerani milungu. Pa zosindikiza, tabuleti yanu imaonetsa mitundu ndi kuwala, mwa RGB, pomwe makina osindikizira amagwiritsa ntchito inki za CMYK. Mitundu yowala kwambiri ya pinki, buluu ndi yobiriwira imazilala pa pepala, ndipo zithunzi zakuda zimaderatu. Sindikizani kope limodzi la chithunzi chilichonse, mulione masana pa windo, mukonze, kenako muode zonse. Mafailo akhale a 300 dpi, kutanthauza madontho 300 pa inchi iliyonse, pa saizi yeniyeni yosindikizira, ndipo chithunzi chipitirire mamilimita atatu mbali zonse kuti podula pasatsale kamzere koyera. Milungu iwiri yomaliza musajambule chatsopano. Yalani tebulo lonse pa tepi ija m'chipinda, mulijambule ndi foni mutaima patali, muone chimene chikubisika, ndipo muwerenge mphindi zimene kuyalako kwakutengerani.

Kujambula anthu zithunzi pomwepo pa tebulo kumabweretsa ndalama popanda mpamba, koma ngati mudzakhale nokha, ulendo uno musayese. Mutu ukakhala pa pepala, ogula amadutsa poganiza kuti akusokonezani.

Chimodzi chokha musaiwale m'sutikesi: kope ndi cholembera. Lembani chilichonse chogulidwa ndi nthawi yake, koma musalekere pomwepo. Kope langa lili ndi mizere ina iwiri. Wina ndi wa zimene anthu anatola, n'kuziyang'anitsitsa, n'kuzibweza. Chinthu chotoledwa kakhumi osagulidwa n'chokondedwa, cholakwika ndi mtengo kapena saizi yake. Winawo ndi wa zimene anafunsa koma ndinalibe. Loweruka usiku werengani kopelo, chimene chayenda muchisunthire kutsogolo pamlingo wa maso, chimene palibe wachikhudza muchisinthe malo musanachiweruze. Mukaona kuti pali kokolekera makiyi kamene katha Loweruka dzuwa lisanafike pamutu, n'kudzathanso chimodzimodzi pa chionetsero chachiwiri, ndipo chithunzi chake n'chochokera m'mutu mwanu, chimenecho ndiye mukapangitse chikombole. Muyambe ndi mapini 50.